Waya akakana kutuluka, osathamangira kumanga: spool gun ndi amisiri a pa Benga

Munthu akatsika minibasi pa Benga, pamsewu wa M5 wochoka ku Salima kupita ku Nkhotakota, khutu limalandira kulira kwa galayindala maso asanaone malo owotcherera. Pakhonde la shopu kapena pansi pa mtengo pamakhala mafelemu a zitseko ndi mawindo, mabedi, mbaula ndi ngolo zodikira matayala. Yonseyi ndi ntchito ya chitsulo ndi marodi, imene amisiri athu anaidziwa kalekale moti ena amadzikulungira okha makina owotcherera. Koma katundu amene akuthyoka masiku ano m'dera la Mfumu Mwadzama si wachitsulo yekha. Injini za maboti zimene asodzi amapita nazo kukapha usipa ndi utaka zili ndi thupi la aluminiyamu. Zivundikiro za injini za njinga zamoto za kabaza n'za aluminiyamu, ndipo mapampu ambiri othirira m'dimba, mafelemu a sola ndi makwerero ena, chimodzimodzi. Chimodzi mwa izi chikang'aluka, mwini wake amamva yankho lofanana paliponse: izi n'za ku Lilongwe, apo ayi kagulani china. Kuchokera pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mawu oti "kagulani china" amamveka ngati chipongwe kwa msodzi amene injini yake yagona pagombe anzake akubwera ndi maboti odzaza.

N'chifukwa chake mmisiri woona patali amayamba kulakalaka makina a MIG, aja owotcherera ndi waya ndi gasi, pamodzi ndi chida chogwira m'manja chotchedwa spool gun, chimene chimanyamula mpukutu wakewake wa waya wa aluminiyamu. Zida zotere zimabwera ndi abale a ku Joni kapena zimagulidwa m'masitolo a zipangizo mu Lilongwe ndi Blantyre. Koma nkhani ya spool gun kawirikawiri imayamba moipa. Tsiku loyamba waya amatuluka modukizadukiza, amamatirira kukamwa kwa chida, kapena amapiringizana m'kati ngati ukonde umene wakodwa pa chitsa, ndipo sipatenga nthawi chida chija chimapezeka m'katoni pansi pa benchi, chitaweruzidwa kuti n'chabodza. Chiweruzo chimenechi nthawi zambiri chimagwera wosalakwa. Chimene chimakoletsa waya ndi dzanja lozolowera chitsulo, dzanja limene linaphunzira kuti chinthu chikamaterereka umachimanga ndipo chikamakana umachikakamiza. Pa aluminiyamu mankhwala ake ndi otembenuza: pamene mtima ukunena kuti manga, pamenepo ndiye pofunika kumasula. Mmisiri amene wamvetsa zimenezi, n'kumafufuza vuto mwadongosolo, apeza kuti zambiri zimene zimamugonetsa ndi njala zimakonzeka ndi zala ziwiri ndi kachipangizo kamodzi kotsika mtengo.

Tiyambe ndi khalidwe la chitsulo chopepukachi. Aluminiyamu amasungunuka pa madigiri pafupifupi 660, pamene chitsulo wamba chimafuna pafupifupi 1,500, ndipo iye safiira pochenjeza kuti watsala pang'ono kusungunuka. Amangooneka woyera mpaka mwadzidzidzi wabooka. Pamwamba pake pamakhala kakhungu kosaoneka ndi maso kamene kamabadwa akangokumana ndi mpweya. Kakhungu kameneka sikasungunuka mpaka kutentha kutadutsa madigiri 2,000, ndipo sikalola magetsi kudutsa bwino. Aluminiyamu amamwaza kutentha msanga kuposa chitsulo kangapo konse, ndipo akatentha amafufuma pafupifupi kawiri kuposa mmene chitsulo chimafufumira. Tsono tengani chitsulo cha khalidwe limeneli, muchisandutse waya wa mamilimita 0.8, 0.9 kapena 1.2, muyese kumukankha m'paipi ya mamita atatu monga zimakhalira pa MIG wamba. Kuli ngati kukankha luzi lonyowa m'bango lalitali: kumbuyo ukukankha, kutsogolo sikukusuntha, pakati pakupindika. Waya wachitsulo ali ndi msana, amapirira. Wa aluminiyamu amagonja pamalo oyamba pamene wapeza chomutchinga.

Wina angaganize kuti kuwotcherera aluminiyamu ndi waya n'kukakamiza makina ntchito imene si yawo. Mbiri ikunena zina. Njira ya MIG inapangidwa m'chaka cha 1948 ku Battelle Memorial Institute, m'chigawo cha Ohio ku America, ndipo ntchito yake yoyamba inali ya aluminiyamu ndi zitsulo zina zosakhala chitsulo wamba; kuwotcherera chitsulo ndi njirayi kunafala pambuyo pake. Vuto la waya wofewa linadziwika kuyambira kale, ndipo spool gun ndi limodzi mwa mayankho ake. Nzeru yake ndi yapafupi: m'malo moti waya ayende mamita atatu, mpukutu waung'ono wa masentimita 10 m'mimba mwake, wolemera pafupifupi theka la kilogalamu, umakhala pachida pomwepo, pamodzi ndi kamota ndi marola awiri okankha waya. Ulendo wa waya umangotsala wa chikhatho chimodzi kapena ziwiri. Paulendo waufupi chotere malo amene waya angakodwe ndi owerengeka: pampukutu ndi buleki yake, pakati pa marola, m'kapaipi kamene amadutsamo, ndi patipi, kachitsulo ka kopa kamene amatulukira ndipo kamamupatsa magetsi. Munthu wosokoneza malo anayiwa, kumanga apa, kutembenuza apo, zonse nthawi imodzi, ndi amene amatha tsiku lonse osadziwa chimene wakonza ndi chimene wawononga.

Marola ndiwo malo amene dzanja lachitsulo limalakwa kwambiri, ndipo kulakwa kwake kuli ndi chifukwa chomveka. Waya akayamba kudodoma, diso limaona rola ikuzungulira osakankha, ndiye nzeru yoyamba imati sipulingi yafooka, timange sikuluu. Kwa mphindi zochepa waya amatulukadi, ndipo mmisiri amakhulupirira kuti wapeza mankhwala. Chimene sakuona n'choti marola omangidwa kwambiri amamuphwanya waya. Amene anali wozungulira amasanduka wophwatalala, ndipo waya wophwatalala salowa bwino m'bowo lozungulira la tipi. Kuwonjezera apo, marola amamupala, n'kumasiya tizinyenyeswa tonyezimira timene timalowa naye m'kapaipi mpaka kukatseka. Kapaipi kakatsekeka waya amadodomanso, mmisiri amamanganso, ndipo vuto limadzidyetsa lokha mpaka waya, posowa kopita, amapindika pambuyo pa marola n'kupiringizana m'chibokosi chonse. Umboni wa zimenezi suvuta kuupeza. Tsegulani chivundikiro, muone ngati pansi pa marola pali fumbi lonyezimira. Tengani waya amene watuluka, mumupititse pakati pa zala. Ngati ali ndi zipsera za mano kapena sakugubuduzika bwino, ndiye kuti wafinyidwa. Marola oyenera aluminiyamu amakhala ndi ngalande yonga chilembo cha U, imene imamufungatira waya osamutsina monga imachitira ngalande ya V ya waya wachitsulo. Ma spool gun ena amachokera kufakitale ali ndi rola ya timano ting'onoting'ono, ndipo pa amenewo kumanga mopitirira kumawononga msanga koposa. Ngalande iyeneranso kufanana ndi kukula kwa waya, popeza rola zambiri zili ndi ngalande ziwiri ndipo nambala yake imalembedwa m'mbali. Kayesedwe kake n'kosavuta: masulani sikuluu mpaka waya ayambe kuterereka, kenako mangani pang'onopang'ono mpaka atuluke mosadodoma, ndipo mulekere pomwepo. Mukalozetsa chida pa thabwa n'kumutchinga waya, marola ayenera kuterereka. Kuterereka kumeneko si kufooka kwa makina ayi, ndiko kumene kumateteza waya kuti asapiringizane tipi ikatsekeka.

Buleki ya mpukutu imadwala matenda omwewo. Ntchito yake ndi yochepa: kuletsa mpukutu kupitiriza kuzungulira munthu akasiya batani. Ikamasuka kwambiri waya amadzimasula yekha, mizere yake imalumphana, ndipo pamapeto pake umodzi umalowa pansi pa unzake n'kudzimanga mfundo. Ikamangidwa kwambiri, kamota kakang'ono kaja kamalimbana ndi katundu woposa msinkhu wake. Apa pali chinthu chimene chimasokoneza ambiri. Chida chimatha kuyenda bwino mpukutu uli wodzaza, n'kuyamba kudodoma waya atatsala pang'ono, ndipo munthu amaganiza kuti mota yatopa. Zoona zake n'zoti mpukutu ukamachepa, pamafunika mphamvu yochulukirapo kuti uzungulire pa buleki yomweyo, komanso waya wam'kati amakhala wopindika kwambiri. Buleki imene inali yomangika pang'ono pachiyambi imaonekera poyera kumapeto. Ndipo mpukutuwu sukhalitsa: wa waya wa 0.9 uli ndi mamita pafupifupi 260, ndipo pa liwiro la mamita 9 pa mphindi umatha m'theka la ola la moto. Kusintha mpukutu ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku, ndiye poika watsopano nsonga ya waya isachoke m'zala mpaka itagwidwa ndi marola. Kungoitaya kamodzi, mfundo imabisala m'kati n'kudzaonekera pakati pa ntchito ya kasitomala.

Tifike pa tipi, pamene pali nkhani ya umphawi wathu. Popeza waya wa aluminiyamu amafufuma akatentha, bowo la tipi yake limakhala lokulirapo pang'ono kuposa la tipi ya waya wachitsulo wa nambala yomweyo. Matipi a aluminiyamu nthawi zambiri amalembedwa A kapena AL pambali pa nambala. Mmisiri akaika tipi wamba ya 0.9 pa waya wa 0.9, zimayenda bwino chida chikadali chozizira. Patapita mphindi zochepa waya amafufuma, amagwira, amachedwa, ndipo moto umakwera naye mpaka kukasungunukira pakamwa pa tipi. Pamene tipi ya AL palibe, amisiri ambiri amagwiritsa ntchito nambala yotsatira, monga 1.0 pa waya wa 0.9, ndipo zimathandiza. Koma bowo likakula mopitirira, waya sagunda bwino kopa, magetsi amathetheka m'kati, ndipo timabala timene amasiya timayamba kumukola waya. Tsono waya akamatirira, chizolowezi chathu n'kutenga pulayazi, kusolola, kupala ndi fayilo, mwina kuboola ndi kawaya kachitsulo, n'kubwezera tipi yomweyo. Palibe angadzudzule mtima wosafuna kutaya chinthu m'dziko limene chilichonse chimachokera kunja, ndipo ndi mtima womwewo umene umasunga njinga ndi zigayo zathu zamoyo. Koma pano kusungako n'kokwera mtengo. Tipi yopsa kamodzi imakhala yokakala m'kati, idzakolanso, ndipo pa kukola kulikonse mumataya waya, gasi ndi nthawi zimene mtengo wake umaposa wa tipi. Wogula spool gun wopanda kathumba ka matipi khumi wagula boti lopanda nkhafi.

Pali kukola kwina kumene sikuchokera m'chida konse, koma m'manja ndi pa manambala a makina. Pa MIG liwiro la waya ndilo limalamula kuchuluka kwa magetsi, ndipo aluminiyamu amafuna liwiro loposa la waya wachitsulo wa kukula komweko. Munthu wozolowera chitsulo akamva waya akuthamanga amachita mantha n'kuchepetsa, ndipo waya wochedwa amapsa kubwerera ku tipi. Zomwezo zimachitika akayandikizitsa chida: nsonga ya waya iyenera kutuluka pafupifupi masentimita awiri, kutalikirapo kuposa pa chitsulo. Chida chiyenera kukankhidwa kupita kutsogolo, chitapendekeka pang'ono, kuti gasi atsogole. Kuchikoka monga timakokera rodi kumasiya mwaye wakuda ndi timabowo. Chida chikhale ku waya wa magetsi wa + ndipo efi ikhale ku −, chinthu chofunika kuonetsetsa ngati makinawo anali kugwira ntchito ndi waya wosafuna gasi, amene nthawi zambiri amalumikizidwa motembenuza. Komanso kampira kamene kamatsala kunsonga ya waya moto ukazima kayenera kudulidwa musanayatsenso, chifukwa kamachedwetsa moto kugwira ndipo waya amagunda n'kupindika.

Apa wina anena kuti zonsezi n'kuteteza amalonda, popeza tonse tikudziwa kuti misika yathu yadzaza ndi makina otchipa osalimba. Mfundoyi ili ndi choonadi chake. Alipo ma spool gun amene marola ake sanalunjikane, kamota kake n'kofooka, kapena pulagi yake sigwirizana ndi makina amene yalumikizidwako, pakuti si spool gun iliyonse imene imagwira pa MIG iliyonse. Koma mlandu umenewu uli ndi njira youzengera, ndipo siitenga mphindi khumi. Chotsani nozo ndi tipi, lozetsani chida kutali ndi thupi ndi chitsulo chilichonse, dinani batani kwa masekondi khumi, muyeze waya amene watuluka, kenako mubwereze kawiri. Ngati waya akutuluka mosalala ndipo miyezo ikufanana, mota ndi marola zilibe mlandu, ndipo vuto lili patipi kapena pa manambala. Ngati akudodomabe, masulani marola, mumukoke waya ndi dzanja: akalimba, ndi buleki, mfundo pampukutu kapena kapaipi kodzaza zinyenyeswa, kamene kamafunika kuuzira mpweya kapena kusintha, ndipo kayenera kukhala ka pulasitiki woterera osati ka sipulingi yachitsulo. Akabwera mosavuta koma kamota n'kumalephera kumukankha, pamenepo ndiye mungaloze chala chida, mutayamba mwaona mawaya a batani ndi pulagi ngati sanaduke. Makina oipa alipo ndithu, koma ndi amene wayenda njira yonseyi yekha amene ali ndi ufulu wonena kuti ake ndi amodzi mwa iwo. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chotsutsa chachiwiri n'champhamvu kuposa choyamba, chifukwa chimakhudza chinthu chimene mmisiri sangachilamule: magetsi. Aliyense amakumbukira mmene dziko linalowera mumdima namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130, ndipo pamalo a malonda a kumudzi mphamvu ya magetsi imatsika chigayo chikangoyamba kulira. Amene amadalira jenereta yaing'ono amaimva ikubuula moto ukangogwira. N'zoona kuti magetsi ofooka amasokoneza ntchito ya aluminiyamu kuposa ya marodi. Komabe zizindikiro zake zimasiyana ndi za waya wokodwa, ndipo mmisiri ayenera kuzisiyanitsa. Mphamvu ikatsika koma waya akubwera pa liwiro lake, waya amagunda chitsulo osasungunuka, chida chimakankhira dzanja m'mbuyo ndipo moto umathetheka. Waya akachedwa koma mphamvu ilipo, moto umatalika n'kukwera kutipi. Oyamba ndi matenda a magetsi, achiwiri ndi a njira ya waya, ndipo kumanga marola sikuchiza ngakhale amodzi mwa awiriwa. Ndiponso gawo lina la zimene timanamizira magetsi a dziko limakhala pakhomo pathu pomwe: chingwe chachitali chowonda chochokera kunyumba yoyandikana, malumikizidwe okulunga ndi pepala la pulasitiki, ndi efi yongogonekedwa pa chitsulo chopentedwa. Pa aluminiyamu efi iyenera kuluma malo opalidwa mpaka kuwala, pafupi ndi powotcherera, chifukwa kakhungu kaja ndi penti zimatchinga magetsi.

Nyengo ya kunyanja nayo ili ndi mbali yake, ndipo pano Benga akusiyana ndi Kanengo. Kuyambira Novembala mpaka Epulo mpweya wa m'mbali mwa nyanja umakhala wa chinyontho, ndipo mpukutu wosiyidwa pachida usiku ndi usiku umataya kuwala, umachita mbuu. Waya wotere ndi wokakala, amakhula m'kapaipi, salandira bwino magetsi patipi, ndipo chinyontho chimene wanyamula chimasanduka timabowo m'kati mwa chowotcherera. Fumbi la galayindala, limene m'mashopu athu limagwera paliponse, limawonjezera vutolo. Mankhwala ake ndi chidebe chotseka bwino, chonga chija amayi amasungiramo shuga: ntchito ikatha, mpukutu ubwerere m'thumba lake, ulowe m'chidebe. M'miyezi yozizira kumabwera mwera, ndipo amisiri athu amagwira ntchito panja. Rodi imapirira mphepo chifukwa imadzipangira yokha chotchinga, koma spool gun imadalira gasi wa argon wotuluka pa malita 12 mpaka 15 pa mphindi, amene kamphepo kochepa kamamuuluza. Gasi akachoka moto umasokonekera, zothetheka zimadzaza nozo n'kumatira patipi, ndipo posakhalitsa waya wakodwa. Kutsegula gasi wambiri n'kungotaya ndalama. Chofunika ndi kutchinga ndi lata kapena thabwa kumbali ya mphepo. Gasiyo akhale argon weniweni wosasakaniza. Wa carbon dioxide kapena wosakaniza, amene amagwira pa chitsulo, pa aluminiyamu amangobala mwaye.

Katundu amene amabwera kuchokera kugombe amafika ndi mavuto akeake. Mwendo wa injini ya boti wakhala ukumwa oyilo zaka zambiri, ndipo aluminiyamu woumbidwa ali ndi timabowo timene timasunga mafutawo. Ukawotcherera osatsuka, moto umalavula, ndipo malovu ake amathera patipi. Oyilo achotsedwe, marabala avulidwe, penti apalidwe, pamalopo patsukidwe ndi acetone, kenako papalidwe ndi bulashi ya waya wosachita dzimbiri imene sinakhudzepo chitsulo wamba. Mankhwala otsukira mabuleki okhala ndi chlorine asayandikire moto, pakuti amabala mpweya wakupha, ndipo thanki imene munali petulo si chinthu choyeserapo luso. Si chilichonse chopepuka ndi choyera chimene chili aluminiyamu: zivundikiro zina n'za magnesium, amene amayaka moto wovuta kuzimitsa, ndipo dontho la viniga pamalo opalidwa limachita thovu pa magnesium pamene pa aluminiyamu limangokhala. Tinenenso modutsa kuti kuwala kwa moto wa aluminiyamu kumawawula khungu ndi maso kuposa kwa rodi, ndipo magalasi a dzuwa amene anyamata ena amavala pa ntchitoyi ndi njira yachidule yopitira kuchipatala.

Msampha womaliza uli pa kusankha waya. Mitundu iwiri ndiyo imapezeka kwambiri: 4043, amene ali ndi silicon pafupifupi 5 peresenti, ndi 5356, amene ali ndi magnesium pafupifupi 5 peresenti. Wa 5356 ndi wolimbirapo ndipo amayenda bwino m'chida, choncho mmisiri wotopa ndi kukola amakopeka kumugwiritsa ntchito paliponse. Koma waya amasankhidwa poona chitsulo chowotchereredwa. Zoumbidwa zambiri, monga zivundikiro za injini, zili ndi silicon wochuluka ndipo zimagwirizana ndi 4043. Kuziwotcherera ndi 5356 kumasiya mfundo yosachedwa kusweka. Malata a maboti a aluminiyamu, a mtundu wa 5052 kapena 5083, amagwirizana ndi 5356, amene sayenera kuikidwa pa chinthu chokhala chotentha kupitirira madigiri 65 kwa nthawi yaitali. Ngati 4043 wa 0.8 akuvuta, ndi bwino kukwera pa 0.9 kapena 1.0 wa mtundu womwewo, pamene makina ndi chitsulo zikulola, kusiyana n'kusintha mtundu.

Tsono pali funso lalikulu limene munthu wanzeru angafunse: kodi zonsezi n'zoyenera pa Benga? Argon amachokera ku Lilongwe kapena Blantyre, ndipo silinda yolemera iyenera kukwera galimoto kudutsa ku Salima, kupita ndi kubwera. Waya ndi matipi ndi katundu wakunja, ngakhale kuti pa phiri la Mulanje pali miyala ya bauxite, imene amapangira aluminiyamu, yodziwika kuyambira zaka za m'ma 1920 ndipo anansi athu a ku Mozambique anayamba kusungunula aluminiyamu ku Mozal, pafupi ndi Maputo, m'chaka cha 2000. Ena anganene kuti makina a TIG, njira ina yowotcherera ndi gasi, ndiwo oyenera, ena kuti marodi a aluminiyamu alipo. Pa TIG tivomereze: pa zinthu zopyapyala zosakwana mamilimita awiri, pa radiyeta, ndi pa nsonga za pulopela zimene zimafuna dzanja losamala ndi kulinganiza kulemera, TIG imaposa, ndipo mmisiri woona mtima ayenera kudziwa ntchito zoti akane. Koma TIG ya aluminiyamu imafuna makina okwera mtengo a AC, imadya argon yemweyo, imachedwa, ndipo luso lake limatenga nthawi yaitali kuliphunzira. Marodi a aluminiyamu amamwa chinyontho msanga, amavuta kuwalamula, ndipo zotsalira zake zimadya chitsulo zikapanda kutsukidwa. Pa zinthu zokhuthala mamilimita atatu kupita m'mwamba, spool gun ndiyo khomo lapafupi kwa munthu amene akuchokera ku marodi. Za mtengo wa gasi, walira mvula walira matope. Koma gawo lalikulu la gasi amene amatayika limatayika pa kuyatsa kolephera, pa kukola ndi kubwereza, ndiye mmisiri amene waya wake akuyenda bwino ndi amenenso silinda yake imakhalitsa. Ndipo pamsewu wa pakati pa Salima ndi Dwangwa, wodutsa magombe ambiri, dambo la Chia ndi minda ya nzimbe, amene angadziwike kuti amawotcherera aluminiyamu mokhulupirika sadzasowa makasitomala.

Chimene chikusowa kwenikweni ndi munthu wophunzitsa dzanja kumasula. Bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo m'chaka cha 1999, lili ndi udindo pa maphunziro a ntchito zamanja, kuphatikizapo a amisiri amene anaphunzirira pakhonde la mbuye wawo. Salima Technical College ili m'boma loyandikana, ndipo kuyambira 2015 boma lakhala likutsegula makoleji a ntchito zamanja m'madera. Maphunziro a masiku atatu okha, ochitikira pamalo a malonda, ndi chida chimodzi, silinda imodzi ndi zidutswa za aluminiyamu, angapulumutse zida zambiri zimene zagonekedwa. Ogulitsa nawo asamagulitse spool gun okha osasunga matipi a AL, timapaipi ndi marola ake, chifukwa kuchita tero n'kugulitsa chinthu chimene chidzafa pa mpukutu woyamba. Ndipo inu amisiri a pa Benga, ngati pansi pa benchi pali spool gun imene munaiweruza, itulutseni, muike tipi yatsopano, mumasule sikuluu ya marola ndi buleki, ndipo muyambe mwayesa pa chidutswa cha mamilimita atatu musanakhudze injini ya msodzi.